Lipoti la ntchito: kuchotsa dikoda kuseri kwa TV n'kuikhazika pakhoma m'munsi mwake

Ntchito iyi inabwera kwa ine ngati vuto la siginolo, koma inathera pa kubowola khoma ndi kukhoma shelefu. Dishi sindinaisunthe, LNB (kachipangizo ka kutsogolo kwa dishi kolandira siginolo) sindinaisinthe, ndipo dikoda imene eni ake anatsala pang'ono kuitaya ikugwirabe ntchito. Ndalemba mwatsatanetsatane chifukwa ambiri mwa ife oika ma TV timasamala kwambiri bulaketi ya TV, pomwe dikoda timangoipanikiza paliponse pamene yakwana, bola isaoneke. Madandaulo atatu a m'nyumba iyi onse anachokera pamenepo.

Dandaulo la eni nyumba

M'nyumbamu muli banja lokhala ndi mwana wamng'ono amene wangoyamba kuyenda. Pabalaza pali TV ya mainchesi 55, yopachikidwa pakhoma ndi bulaketi yopendekeka, komanso dikoda ya satelaiti yokhala ndi hard disk yojambulira mapulogalamu. Anapachika TV ndi mmisiri wina chaka chathachi, ndipo eni nyumba anamupempha kuti pakhoma pasaoneke china chilichonse kupatula TV. Iye anachita zimene anauzidwa. Anamata dikoda kumsana kwa TV ndi velcro (timalamba togwirana, tokhala ndi guluu kumsana), zingwe zonse n'kuzikulungira kuseri komweko.

Kwa miyezi ingapo zonse zinali bwino, kenako mavuto anayamba kubwera limodzilimodzi. Madzulo, TV ikakhala yayaka kwa maola angapo, chithunzi chinkauma, dikoda n'kuzima yokha, n'kuyambiranso. M'mawa sizinkachitika. Matchanelo ena ankaduka timabokositimabokosi kapena kusoweratu, pomwe ena ankaoneka bwinobwino nthawi yomweyo. Ndiye panali rimoti, imene inkamveka ukakhala pampando umodzi wokha wa kumanzere, utailozetsa kukhoma m'mbali mwa TV. Anasintha mabatire, anagula rimoti ina, osathandiza. Wina anawauza kuti dishi yasuntha ndi mphepo, wina anati LNB yapsa, winanso anati dikoda yakalamba.

"Amisiri, ingotiuzani zoona. Ngati yatha, tikagule ina," anatero mayi a m'nyumbamo. Ndinawapempha kuti ayambe adikira kaye mpaka nditaona kuseri kwa TV.

Zimene ndinapeza

Ndinayambira pa menyu ya dikoda, pamene imaonetsa mphamvu ya siginolo ndi ubwino wake. Manambala awiriwa ambiri amawasokoneza. Mphamvu imangonena kuti m'chingwe mukubwera kanthu, ngakhale kanthuko katakhala phokoso chabe. Ubwino ndi umene umanena ngati dikoda ikutha kuwerenga zimene zikubwerazo. Pa matchanelo amene ankaoneka, ubwino unali wokwera ndiponso wosagwedezeka. Dishi ikasuntha sizikhala chonchi, matchanelo onse amatsikira limodzi. Nditalemba matchanelo osowawo n'kuyang'ana mmene lililonse limabwerera, ndinapeza kuti pafupifupi onse ndi a horizontal, limodzi mwa magulu awiri a siginolo ya satelaiti (linalo ndi vertical).

Apa pafunika kufotokoza pang'ono. Dikoda sikuti imangolandira ayi, imatumizanso magetsi ku LNB kudzera m'chingwe chomwecho cha dishi, chotchedwa coax. Ikafuna matchanelo a vertical imatumiza ma volt 13, ikafuna a horizontal imatumiza ma volt 18, ndipo ikafuna bandi yapamwamba imawonjezera kamawu ka 22 kHz. Polumikizira pakakhala polobodoka kapena pochita dzimbiri, ma volt 18 aja amafika ku LNB ataperewera, LNB n'kumatenga ngati yatumizidwa 13. Zikatero gulu lonse la matchanelo limasowa, dishi ili chilozereni pamene iyenera kuloza. Ndinakwera kukayeza ndi mita pa LNB penipeni, ndipo mbali zonse ziwiri zinali bwino. Choncho vuto linali m'nyumba.

Ndinazimitsa dikoda, n'kudikira kuti hard disk isiye kuzungulira, chifukwa kuigwedeza ikuzungulira n'kumene kumaiwononga msanga. Kenako ine ndi mnyamata amene ndimagwira naye ntchito tinanyamula TV kuichotsa pabulaketi.

Mpata wa pakati pa msana wa TV ndi khoma unali masentimita 6, pomwe dikodayo ndi yochindikala masentimita 4 ndi theka. Guluu wa velcro anali atasungunuka ndi kutentha, akunanda kuzala, ndipo mzere wa pamwamba unali utamatuka wonse. Dikoda inali itapendekeka, ndipo zimene zinkaigwira kuti isagwe pansi ndi zingwe ziwiri, cha dishi ndi cha HDMI, chopititsa chithunzi ndi mawu ku TV. Timabowo ta kunsi kwake, tolowera mpweya wozizira, tinali titatsekedwa ndi velcro yemweyo ndi msana wa TV. Ta pamwamba, totulukira wotentha, tinali titayang'ana khoma, mpata wake wongokwana chala. Kuwonjezera apo, inamatidwa chakumtunda, pamene TV imatulutsira mpweya wake wotentha. Nditaikapo dzanja sindinathe kulisiyapo nthawi yaitali.

Chingwe cha dishi chinali ndi F-connector, mutu wachitsulo wolumikizira ku dikoda, yongopotokola ndi dzanja. Chitangotuluka m'mutu umenewu chinapindika mwamphamvu chifukwa chokanikizidwa ndi khoma, moti pulasitiki yoyera ya m'kati inali itaphwatalala. Nditakoka pang'ono, mutuwo unatsala m'dzanja. Timawaya tosalala ta kunja tambiri tinali titaduka, tingapo tokha ndi timene tinkagwira, ndipo kamodzi kanali katagona pafupi kwambiri ndi waya wa pakati. Kakanangogunda, magetsi opita ku LNB akanachita shoti. Adaputa ya ma volt 12 nayo inali lende m'malere, kulemera kwake konse kuli pa kabowo ka magetsi ka dikoda.

Ndisanapangire eni nyumba chilichonse ndinafuna kutsimikiza kuti vuto lililonse likuchokera pati, ndipo njira yake ndi kusintha chinthu chimodzi chokha. Tinabwezera TV pakhoma, dikoda n'kuikhazika pa katebulo kunsi kwake, zingwe zakale zomwezo, mutu wa chingwe cha dishi nditangoubwezera momwe unalili. Ndinawasiyira chonchi kuti aonere usiku wonse. Chithunzi sichinaume, dikoda sinazime, rimoti inamveka kuchokera pampando uliwonse. Matchanelo a horizontal okha ndi amene ankadukabe munthu akakhudza chingwe. Apa zinagawikana bwino: kuzima kunali kwa kutentha, rimoti inali ya malo, matchanelo anali a mutu wa chingwe.

Za kutenthazi ndikufuna ndikhalepo pang'ono, chifukwa n'zimene anthu amazichepetsa. Opanga zipangizo zotere ambiri amalemba m'kabuku kake kuti zigwire ntchito pamalo pamene mpweya wozungulira sukupitirira madigiri 40. Madikoda ambiri alibe fani, kapena ali ndi kakang'ono kwambiri. Amadalira kuti mpweya wotentha ukwere wokha n'kutulukira pamwamba, wozizira n'kulowera kunsi. Ukatseka mbali imodzi, kuyenda konseko kumaima. Ndipo dikoda yojambula sipuma kwenikweni, popeza hard disk imakhala ikusunga zimene ukuonera kuti uthe kuimitsa kapena kubwerera m'mbuyo. M'kati mwake muli ma capacitor, tizipangizo tosunga magetsi, amene amauma ndi kutentha, ndipo akatswiri a zamagetsi amawerengera kuti kutentha kukakwera ndi madigiri 10, moyo wa ma capacitor oterewa umachepa ndi theka. Ndiye dikoda yozima madzulo ikukuchenjeza, ndipo ukapanda kumva, tsiku lina siyakanso.

Za rimoti n'zosavuta. Imatumiza kuwala kwa infrared, kumene diso la munthu silikuona, nthawi zambiri kwa 940 nm kothwanima pa 38 kHz. Kuwala kumeneku sikudutsa TV. Kumene kunkafika pa dikoda ndi kumene kunkanjanja pakhoma loyera n'kulowa mumpata uja, n'chifukwa chake mpando umodzi wokha unkatheka. Ndinawaonetsa mayiwo pa kamera ya foni kuti marimoti onse awiri, yakale ndi yatsopano, akuthwanima bwinobwino ukadina batani.

Kusankha malo

Apa ndi pamene tinakambirana nthawi yaitali, chifukwa chimene eni nyumba ankafuna poyamba chinali chisanasinthe.

"Koma ine zingwe zolendewera pakhoma sindizifuna," anatero mayiwo.

"Zingwe tizibisa, mayi, simuziona. Zimene sitingabise ndi nkhope ya dikoda ndi popumira pake."

Bambo a m'nyumbamo anafunsa za kadiso kowonjezera ka infrared, kamene umakamata kutsogolo kwa TV, kachingwe kake n'kupita kuseri. Kamagwira ntchito ndithu, koma kamathetsa za rimoti zokha, kutentha kumatsala pomwepo. Kabati ya pansi anaikana okha, poti anaichotsa dala kuti mwana asamakwerepo. Palinso timabulaketi togwira dikoda choimika, itagona pakhoma. Kwa timabokosi tating'ono topanda hard disk timenetu n'tabwino, koma dikoda iyi timabowo take anatipanga kuti izikhala chogona, ndipo ukaiimika diso lake limayang'ana kudenga kapena pansi. Ine sindidana ndi kubisa zinthu kuseri kwa TV. Kachipangizo kakang'ono kolowetsa mu HDMI, ka rimoti ya Bluetooth, malo ake ndi kumeneko. Koma bokosi lotentha, lomvera infrared, lokhala ndi chingwe cholimba cha coax, liyenera kukhala poyera, pachinthu chake chochirikiza. Tinagwirizana za shelefu yaing'ono m'munsi mwa TV.

Bambowo ankafuna ya galasi. Ndinawakaniza chifukwa cha mwana, ndipo tinasankha ya chitsulo yakuda, yokhala ndi mabowo pansi pake ndi makona osasongoka, yotuluka masentimita 25 kuchokera kukhoma.

TV ya mainchesi 55 imakhala pafupifupi masentimita 122 m'lifupi ndi 69 m'litali mwake chokwera. Iyi pakati pake panali pa masentimita 125 kuchokera pansi, ndiye mlomo wake wa kunsi unali pafupifupi pa 90. Kwa munthu wokhala pasofa inali yokwera pang'ono, koma osati mofuna kubowolanso khoma, ndipo kukwerako kunatipatsa malo. Shelefu ndinaiika pa masentimita 70. Dikoda ikakhalapo, pamwamba pake pamafika pafupifupi pa 75, n'kutsala mpata wa masentimita 15 kufika pa TV.

Mpata umenewu ambiri amaufinya kuti zioneke zogwirizana, koma uli ndi ntchito. Mpweya wotentha wa dikoda umakwera, ndipo TV imakokera mpweya wake wozizira m'timabowo ta kunsi. Ukaziyandikizitsa, ukumwetsa TV mpweya wotentha kale. Masipika a ma TV opyapyala ambiri amayang'ananso pansi, ndipo safuna chowatchinga pafupi, nayonso hard disk sifuna kunjenjemera kwa mawu. Chinanso chimene munthu amachikumbukira mochedwa ndi timascrew tokhomera TV ku bulaketi, timene timakhala kunsi, kuseri. Pamafunika polowetsa screwdriver yaitali ndi dzanja tsiku lofuna kutsitsa TV. Shelefu ikakhala pafupi kwambiri, uyenera kuyamba waichotsa.

Khoma

Khomali ndi la njerwa zowotcha, la njerwa imodzi, lopakidwa pulasitala mbali zonse, kuchindikala kwake konse pafupifupi masentimita 14 nditayeza pachitseko. Soketi ya magetsi inali m'munsi, pa masentimita 45 kuchokera pansi, molunjika ndendende ndi pakati pa TV. Ichi n'chimene chinandiimitsa. Mawaya a m'khoma sayenda mwachisawawa ngati anaikidwa ndi munthu wodziwa ntchito. Amachoka pa soketi kapena pa swichi molunjika kukwera, kutsika kapena chopingasa, ndipo malamulo a mawaya a ku Britain, BS 7671, amalolanso kuti adutse m'kati mwa mamilimita 150 kuchokera kudenga kapena pakona ya chipinda. Tanthauzo lake n'lakuti mzere wochoka pa soketi kukwera ndi malo oopsa kwambiri pakhoma lonse, ndipo mashelefu ambiri a dikoda amakhala ndi chogwirira chimodzi cha pakati, chimene mascrew ake akanagwera pamzere womwewo.

Ndinayendetsa kachipangizo kofufuzira mawaya magetsi ali oyaka, chifukwa akazima sikawamva bwino. Kanalira pamzere umodzi wowongoka kuchoka pa soketi kupita kudenga. Kachipangizoka sindikakhulupirira kokha, poti khoma lonyowa limakanamiza, choncho ndinazimitsa magetsi pabokosi lalikulu, n'kutsegula soketi kuti ndione paipi ya mawaya yalowera mbali iti. Inalowera pamwamba. Ndinajambula mzerewo ndi pensulo, ndipo shelefu imene tinatenga ndi ya zogwirira ziwiri, zotalikirana masentimita 30, chilichonse masentimita 15 kuchoka pamzere wa mawaya. Pobowola, magetsi a soketi za chipindacho anali ozimitsa, makina obowolera ali a batire.

Dikoda ndi yopepuka, sifika makilogalamu 2, ndipo wina angafunse chifukwa chovutikira ndi mascrew akuluakulu. Sindinawerengere dikoda, ndinawerengera mwana. Shelefu ya pa masentimita 70 ndi pamene mwana wophunzira kuyenda amagwira podzuka. Chogwirira chilichonse chili ndi mabowo awiri, lapamwamba ndi lapansi, otalikirana masentimita 10. Cholemera chikakhala kumapeto kwa shelefu, pa masentimita 25, chimakoka mascrew a pamwamba kuwirikiza kawiri ndi theka, momwe hamala imazulira msomali. Mwana wa makilogalamu 12 akalendewera pamenepo, mascrew a pamwamba amamva ngati akukokedwa ndi makilogalamu 30, molunjika kutuluka m'khoma. Timapulagi tating'ono tobwera m'paketi ya shelefu tinali ta mamilimita 6, tatifupi, moti theka lake likanathera mu pulasitala. Pulasitala sagwira kanthu. Ndinagwiritsa ntchito mapulagi a mamilimita 8, otalika 65, ndi mascrew a mamilimita 5, otalika 75, kuti screw ipyole pang'ono kumapeto kwa pulagi n'kuitambasula yonse.

Ndinayamba ndi bowo limodzi la pamwamba kumanzere, ndi biti yopyapyala ya mamilimita 4, makina asakumenya, kuti pulasitala asagumuke komanso kuti ndione fumbi. Fumbi limakuuza zimene zili m'kati. Loyamba limakhala lotuwa, la pulasitala. Likasanduka lofiira, walowa mu njerwa. Likakhalabe lotuwa, biti n'kumalowa mosavuta, uli pamzere wa simenti wa pakati pa njerwa, ndipo m'makoma ambiri pamenepo pamangoyoyoka. Bowo loyesera linatuluka lotuwa mpaka m'kati. Ndinakweza masentimita awiri, fumbi linafiira, ndipo shelefu yonse inatsatira bowo limenelo. N'chifukwa chake muyeso wa 70 uja m'mapeto ake unakhala 72, mpata wa pamwamba n'kutsala 13, umene ndi wokwanirabe.

Pa biti ya mamilimita 8 ndinakulungapo tepi pa mamilimita 80. Pakhoma la masentimita 14, kuiwala zimenezi ndi kukagumula pulasitala wa chipinda chinacho. Bowo lililonse ndinalipopa kuchotsa fumbi ndisanalowetse pulagi, chifukwa pulagi yolowa m'fumbi imazungulira limodzi ndi screw. Nditamanga screw yoyamba mosalimbitsa, ndinaika levulo pashelefu n'kulemba mabowo atatu otsalawo. Ndinayerekezanso ndi mlomo wa kunsi wa TV, popeza diso la munthu limafanizira shelefu ndi TV, osati ndi levulo. Mwamwayi TV inali yowongoka. Zonse zitamangidwa, ndinatsamira kumapeto kwa shelefu ndi manja onse awiri, ndipo sinagwedezeke.

Likanakhala khoma la plasterboard, nkhani ikanakhala ina. Bolodi imeneyi nthawi zambiri ndi ya mamilimita 12.5, ndipo umayenera kupeza mitengo kapena zitsulo za m'kati, zimene zimatalikirana mamilimita 400 kapena 600, n'kumanga mmenemo. Mabuloko a mphako nawo amafuna mapulagi awoawo, opindikira m'kati mwa mphakomo.

Zingwe

Chingwe cha dishi ndi cha mtundu wa RG6, cha ma ohm 75, ndipo ma ohm amenewa amadalira mpata wa pakati pa waya wa pakati ndi timawaya ta kunja. Chikaphwatalala, mpatawo umasintha, ndipo mbali ina ya siginolo imabwerera m'mbuyo m'malo mofika. Siginolo yochokera ku LNB imayenda pakati pa 950 ndi 2150 MHz, ndipo ya kumtunda ndi imene imavutika msanga ndi chingwe chopunduka. Malo opindika sawongoleka, ngakhale kunja aoneke owongoka. Ndinadula chigawo chonsecho, n'kusenda mwatsopano: mamilimita 6 a waya wa pakati, mamilimita 6 a pulasitiki yoyera, timawaya ta kunja tonse nditatipindira m'mbuyo, popanda kamodzi kotsalira kutsogolo. Ndinaika F-connector yofinya ndi chida chake, osati yopotokola. Waya wa pakati anatuluka pafupifupi mamilimita 2 kupitirira mlomo wa nati. Pomanga pa dikoda ndinalimbitsa ndi zala, kenako pang'ono chabe ndi sipanala ya 11. Kulimbitsa kwambiri kumathyola polumikizira m'kati mwa dikoda. Zonsezi ndinachita dikoda itazulidwa kumagetsi, chifukwa cha ma volt a LNB aja.

Shelefu ya masentimita 25 ndinaisankhira chingwe chimenechi. Dikoda ndi ya masentimita 17 kuchoka kutsogolo kufika kumbuyo, ndiye ikakhala kutsogolo kwenikweni, kumbuyo kumatsala masentimita 8. RG6 ndi yonenepa pafupifupi mamilimita 7, ndipo sifuna kupindidwa mothina kuposa kakhumi kunenepa kwakeko. Mpata wa masentimita 8 umailola kukhota mofatsa n'kulowa mu trunking, kangalande ka pulasitiki kobisamo zingwe pakhoma.

HDMI ilibe loko. Timapini take 19 timangogwira mwa kuthinana, ndipo kabowo ka pa dikoda iyi kanali katakula chifukwa chonyamula katundu miyezi yonse ija. Chingwe chakale chinali cha mamita 3, chokulungidwa. Ndinaika cha mita imodzi ndi theka, cha High Speed, chimene chimakwanira chithunzi cha 1080, ndipo ku TV ndinalowetsa kabowo koyang'ana m'mbali kuti chisakanikizike kukhoma. Kumbuyo kwa dikoda ndinachimanga ku shelefu ndi cable tie, mosafinya, kuti aliyense akakoka chingwe, mphamvu ithere pa shelefu. Adaputa ndinaimangirira kunsi kwa shelefu, chakumbali kuti isatseke mabowo, kachingwe kake nditakasiyira kotakasuka.

Trunking ndinaika ziwiri zazifupi. Ina ikuchoka pa shelefu kukwera kuseri kwa TV, ina kutsika kufika pa soketi, ndipo zonse ndi zomata, popeza zikudutsa pafupi ndi mzere wa mawaya umene sindikanaubowola. M'kati mwake zili ndi chogawa, mawaya a magetsi mbali ina, a siginolo mbali ina. Kuseri kwa TV ndinasiya zingwe zotsalako pang'ono kuti TV ikapendekedwa zisakokeke. Eni nyumba anazipaka penti ya khoma lomwelo pambuyo pake. Dikoda yokha ndinaimanga ku shelefu ndi lamba wa velcro wosamata, wodutsa m'mabowo a shelefu chakumapeto kumene kulibe timabowo ta mpweya, kuti mwana akaikoka isatsetsereke.

Kuyesa

Matchanelo onse anabwerera, a horizontal ndi a vertical ubwino wake wofanana, ndipo pogwedeza chingwe manambala sanasunthe. Ndinayenda ndi rimoti chipinda chonse. Apa panatuluka kanthu kakang'ono kofunika kukadziwa. Mnyamata wanga anali atakankhira dikoda m'mbuyo pang'ono poimanga, ndipo munthu akakhala pasofa, dzanja lili pamwendo, rimoti inkakhala pansi kuposa shelefu. Mlomo wa shelefu unkatchinga diso. Titaibweza kuti nkhope yake ifanane ndi mlomowo, zinatheka paliponse. Chakumadzulo dzuwa la pawindo likagwera pankhope ya dikoda, rimoti inkafuna kuyandikira, chifukwa kuwala kwa dzuwa kuli ndi infrared yambiri imene imaphimba diso. Katani anathetsa zimenezo.

Mayiwo anadandaula kuti kanyali ka kutsogolo kakuwathobwa m'maso usiku, ndipo anafuna kumatapo tepi. Ndinawalitsa tochi ya foni pa pulasitiki yakuda ya kutsogolo kuti diso la infrared lioneke pamene lili, n'kuwasonyeza poti amate ndi poti asamate. Ndinayatsanso HDMI-CEC, imene Samsung amaitcha Anynet+, LG amaitcha SimpLink ndipo Sony amaitcha Bravia Sync, kuti dikoda ikayaka, TV iyake n'kupita yokha pa HDMI yoyenera. Pa zipangizo ziwirizi zinamvana, ngakhale si nthawi zonse zimatero.

Zotsatira ndi zotsala

Patapita milungu ingapo ndinakaonanso madzulo, TV itayaka kuyambira masana. Dikoda inali yofunda chabe, ndipo eni nyumba anati sinazimenso. Pamwamba pake ndinapeza atasanjikapo rauta ya intaneti, poti malo anaoneka abwino. Ndinaichotsa n'kuwafotokozera kuti pamenepo pasamakhale kanthu, kaya kansalu kaya buku, ndiponso kuti azipukuta fumbi m'timabowo ndi kabulashi kouma dikoda itazima.

Sikuti zonse zinachira. Mapulogalamu ena ojambulidwa kale amadumphadumpha, ndipo atsopano nawo nthawi zina amatero pomwe oonera mwachindunji ali bwino. Izi zikuloza ku hard disk, imene ndikuona kuti inavulala ndi kutentha kuja, ndipo ndawauza kuti ikayamba kulira mogogoda adziwe kuti yatsala pang'ono. Kabowo ka HDMI n'kolobodokabe, kakugwira chifukwa chingwe sichikusuntha, choncho ndawapempha kuti asamazulezule.

Ziwiri zina si za ntchito yanga, koma ndinazilemba n'kuwasiyira. Dishi ndi chingwe chake zilibe waya wa earth, ndipo mpaka zitakonzedwa ndawalangiza kuti kukamachita ziphaliwali azizula pulagi ya magetsi ndi chingwe cha dishi, mabingu asanayambe kugunda pafupi. Komanso TV, dikoda ndi rauta zonse zikudya pa soketi imodzi kudzera pa adaputa yogawa, imene ili pamsinkhu wa mwana. Ndawauza aitane wa zamagetsi wovomerezeka adzaike soketi ya pawiri kuseri kwa TV, pamzere womwe paipi ikudutsa kale. Ikaikidwa, trunking ya m'munsi idzachotsedwa, ndipo adaputa ya dikoda idzalowera m'mwamba pamodzi ndi HDMI.